Mtondo wa Amayi Wapita ku Muloza

Lachisanu m'mawa, mthunzi wa phiri usanachoke pabwalo, banja lonse linali pakhonde kumwa tiyi ndi chinangwa chophika. Dyna anakhala pamphasa atawongola miyendo. Amuna ake, a Robson, anali pampando wawo akuuzira tiyi m'kapu yachitsulo. Mng'ono wake wa Dyna, Rosie, amene anafika dzulo lake pa basi kuchokera ku Luchenza kumene anakwatiwa, sankadya. Maso ake anali pa kanyumba ka amayi awo, kamene chitseko chake chinali chomanga ndi luzi.

Amayi awowo, a Alefa, anamwalira mwezi wathawo. Pamudzipo katundu wa malemu sasuntha, ngakhale supuni imodzi, kufikira mwini mbumba atabwera kudzamasula chitseko ndi kugawa. Mwini mbumba anali atsibweni awo, a Isake, mlongo wawo wa malemuwo, ndipo anali atatumiza mawu kuti afika Loweruka m'mawa kuchokera ku Chiringa.

"Achemwali," anatero Rosie, "ine ndinasuzumira pazenera dzulo."

"Kusuzumiranji? Si mawa lomweli atsegula?"

"Mbiya ndaiona. Mphasa ziwiri ndaziona. Sutikesi ija yabuluu ili pamalo pake. Koma kuseri kwa chitseko kumene kumagona mtondo kulibe kanthu."

Dyna anasiya kutafuna. Mtondo umenewo aliyense ankaudziwa: wakuda, wa mtengo wa muwanga, wokhala ndi mng'alu pakamwa pake umene malemu bambo awo anaumanga ndi waya.

"Amayi ananena ndi pakamwa pawo ku chipatala cha Mishoni, inu muli pomwepo, kuti mtondo ndi wa Rosie," anapitiriza Rosie. "Pamaliro paja anthu ena anandikokera pambali. Anati, iwe ukhala kutali, usadzadabwe kupeza zina zitayenda. Ine ndinawakanira. Ndinati achemwali anga sangatero."

"Mtondo ndi mtondo, alamu," anatero a Robson mofuna kuziziritsa nkhani. "Ukasowa tidzakusemetserani wina, wabwino kuposa uja."

"Alamu, za mbumba ino munayamba liti kuyankhulapo?"

A Robson anamwa tiyi wotsalayo ngakhale anali wotentha. Iwo anali mkamwini pamudzipo, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sizinasinthe zimenezo. Anatenga bokosi lawo la masipanala, nalimanga panjinga, n'kupita kumsewu kumene ankakonzera njinga za anthu.

Dyna anafufuza m'mutu mwake. Anabwerera kumaliro, anabwerera ku masabata a kuchipatala, mpaka anafika nthawi yokolola. Anawaona amayi ake akugubuduza mtondo kuutulutsa pakhomo, Eneles wa kuseri kwa nsungwi ataima ndi nkhata m'manja.

"Uli kwa Eneles," anatero, mtima ukutsika. "Amayi anamubwereka okha asanadwale. Ndibwera nawo lero lomwe."

"Tiona," anatero Rosie, ndipo anatenga chinangwa.

Tsiku limenelo Dyna anali ndi ntchito ina. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itafika ku Milanje, tauni ya kutsidya kwa malire, ndipo kwa masabata awiri anthu ankawoloka mtsinje pa Muloza, ana kumsana, m'manja mulibe kanthu. Lamulungu mkulu wa mpingo analengeza, wapampando wa chipani n'kubwerezanso pabwalo, kuti khomo lililonse lipereke chiwiya chimene lingathe. Amayi a Mvano ndiwo ankatolera, Dyna akuwatsogolera. Katundu woyamba anapita Lachitatu, ndipo wotsala amayenera kupita masana a Lachisanulo. Dyna anatenga thumba lopanda kanthu. Anamanganso khadi yake ya chipani pansonga ya chitenje, pakuti njira ya ku Muloza imadutsa pamsika.

Eneles, mnzake wa ku Mvano, anamupeza akusesa.

"Mtondo wa agogo Alefa? Iii, uja unachoka kalekale. Anadzautenga a Enifa nthawi ya chinkhoswe cha mwana wawo."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikuuzeni chiyani? Mtondo ukamayenda umatsanzika?" Eneles analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lichero. "Ili ndiye langa lopereka. Ndi lakale koma limapeta bwino."

Dyna analitembenuza. M'mphepete mwake munali posoka ndi ulusi wa thumba la feteleza, kasokedwe kake ka iye mwini.

"Eneles, lichero ili si langa?"

"Lanu? Lakhala muno zaka ziwiri."

"Inenso ndakhala ndikulifuna zaka ziwiri."

Anayang'anana. Eneles anayamba kuseka, atagwira m'chiuno.

"Ndiye mwalipeza. Mulitenga kapena lipite?"

Dyna analilowetsa m'thumba. "Lipite. Koma wapereka ndani, iwe kapena ine?"

"Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Tiyeni kwa a Enifa."

A Enifa, mayi wachikulire wa miyendo yovuta, anali pansi pa mtengo wa mango akusenda nandolo. Anapereka mbale ziwiri zamalata ndi chipande. Za mtondo anayamba ndi kulongosola chinkhoswe chonse: amene anabwera, amene sanabwere, nkhuku zimene zinaphedwa. Dyna anadikira.

"Ndiye chinkhoswe chitatha," anatero pomaliza, "anadzautenga mkazi wa kalaliki wa ku esiteti ya tiyi, uja wa mpata m'mano. Ndinamuuza kuti akatha aupititse kwa eni ake. Sanabweze? Ana a masiku ano! Koma iwe Dyna, pakuti wabwera, ndowa yanga ija ya chigamba pansi udzabweza liti? Ndikuvutika potunga madzi."

Ndowa ya chigamba pansi Dyna anaipereka iye mwini kwa othawa nkhondo Lachitatu. Anaitsuka ndi mchenga mpaka kuwala, n'kuikamo makapu awiri, akudziuza kuti wapereka chinthu chooneka.

"Ndibweretsa, amayi," anatero motsitsa mawu.

Atangokhota pa nthochi, Eneles anakhala pansi m'njira chifukwa cha kuseka.

"Amayi a Mvano! Mtsogoleri wathu! Mudzi wonse wapereka ndi mtima umodzi, koma palibe wapereka chake!"

"Dzuka, iwe. Ine nkhani ya mtondo ikundidetsa nkhawa."

Anadutsa m'munda wa tiyi, m'kanjira ka pakati pa mizere, mpaka ku nyumba za antchito. Panyumba ya kalaliki anatuluka mayi wachilendo, wovala diresi lositidwa bwino. Dzina lake anali Doris. Anati kalaliki wakale anasamutsidwa, ndipo iye ndi amuna ake anafika kuchokera ku Zomba miyezi itatu yapitayo.

"Mtondo wakuda? Eya, ndinaupeza kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi mbaula yothyoka. Ndinayesa anausiya dala. Ine ndimapita kuchigayo, ndiye atalengeza za anthu othawa nkhondo aja ndinati, uwu ukawathandiza. Unapita Lachitatu."

"Unapita... ku Muloza?"

"Eetu. Kodi ndalakwa?"

"Ayi, simunalakwe. Anadzanyamula ndani?"

"Bambo wina wamtali wa njinga, wa chipewa cha mlaza. Aulemu kwambiri. Anati akazi awo ndiwo akutsogolera zotolerazi, ndipo anawatuma kuti azinyamula zolemera."

Ulendo uno Eneles sanaseke.

A Robson anawapeza pansi pa mtengo wawo m'mbali mwa msewu, ataviika chubu m'beseni kufunafuna pobooka.

"Bambo a Millie," anatero Dyna, "Lachitatu munanyamula mtondo ku esiteti?"

"Ndinanyamula. Si inu munandituma? Wolemera ngati mwala. Unali ndi waya umene unanding'ambira malaya."

"Waya. Pakamwa pake."

"Eya, pakamwa..." A Robson anasiya chubu m'madzi. "Ayi."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mwadya ufa wa mumtondo umenewo!"

"Mayi a Millie, ine ndimadya ufa. Mtondo sindiuyang'ana kumaso." Anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Ndiye mawa adzati mkamwini anakweza katundu wa apongozi ake panjinga, maliro asanathe, n'kukamutaya kumalire. Atsibweni anu adzandionetsa njira ya kwathu. Ndipite pompano ndikautenge."

"Khalani. Mwanyamula zokwanira. Mwamuna akafika kumeneko n'kulanda mtondo m'manja mwa amayi othawa nkhondo, nkhani zidzakhala ziwiri."

Masana amayi a Mvano asanu ndi mmodzi anasonkhana patchalitchi, anasenza mitolo n'kuuyamba ulendo. M'njira nkhani inali yomweyo. Wina anazindikira sefa yake pamutu pa mnzake. Wina anati mphika umene anapereka mlamu wake unali wa iye, koma chivundikiro chake chinali cha munthu wina amene anasamukira ku Thyolo. Ena ankaseka, ena ankang'ung'udza. Dyna ankangoyenda, akukonza mawu oti akanene, ndipo mawu aliwonse amene anakonza ankamuchititsa manyazi.

Anafika ku Muloza dzuwa litapendeka. Anthu anali pabwalo lalikulu pafupi ndi mtsinje, pansi pa mitengo ya bulugama. Ena anali atamanga tizisakasa ta masamba a nthochi, ena atangoyala matumba pansi. Kutsidya phiri linali zii, ngati kuti kulibe chimene chinachitika. Akuluakulu a pamalopo analandira mitolo ija n'kuyamba kugawa, ndipo posakhalitsa banja lina linali ndi mphika, banja lina chivundikiro chake.

Dyna sanafunse munthu. Anangoima n'kutchera khutu. Mtondo uliwonse uli ndi liwu lake, ndipo wa amayi ake, chifukwa cha mng'alu uja, unkalira ngati munthu wa chifuwa: du, kenaka khe. Anaumva kumunsi, cha kumtsinje. Anakoka Eneles pamkono.

Anapeza amayi ambiri atakhala pamzere, aliyense ndi chimanga chake chomanga pansalu. Anali atalandira chimanga chosagaya, ndipo mbali yonseyo mtondo unali umodzi wokhawo. Minsi anachita kudula ku mitengo ya bulugama, ikadali yaiwisi. Amene ankayang'anira kuti aliyense apeze mpata anali mayi wamtali wowonda, mwana ali kumsana. Anzake ankamuitana kuti Filomena.

Filomena atamuona Dyna anamupatsa moni m'Chilomwe, ndendende mmene amayi ake a Dyna ankaperekera moni m'mawa. Dyna anayankha ndi timawu tochepa timene anatsala nato, kenaka lilime linamuthera. Mayi amene ankasinja ndi Filomena anali wapakati, ndipo anali atatopa. Filomena anatenga munsi wa mayiyo n'kuuika m'manja mwa Dyna, poyesa kuti wabwera kudzathandiza. Dyna anasinja. Manja ake ankaudziwa mtondowo, ankadziwa mbali yoyenera kupewa kuti chimanga chisathawire pamng'alu. Anakonola chimanga cha munthu mmodzi mpaka kutha asananene kanthu.

"Mtondo uwu," anatero pomaliza, akupuma, "ndi wa amayi anga."

"Mukawathokoze," anayankha Filomena m'Chichewa cha kutsidya. "Mukawauze kuti mabanja khumi ndi awiri tikudyera momwemu."

"Anamwalira."

"Pepani, mayi. Kale?"

"Mwezi watha. Katundu wawo sanagawidwe. Agawa mawa."

Munsi wa Filomena unaima m'mwamba, n'kutsika pang'onopang'ono. Mawuwo anayenda pamzere wonse, wina kuuza mnzake. Amayi anayamba kudzuka n'kubwerera m'mbuyo. Wapakati uja anagwira mimba yake ndi manja onse awiri.

"Katundu wa maliro wosamasula!"

"Ana athu amwa phala la m'menemu masiku awiri!"

"Tathawa mfuti kuti tidzatupe miyendo kuno?"

Onse ankayankhula nthawi imodzi, Chilomwe, Chichewa ndi Chipwitikizi kusakanikirana. Wina anati mphale yonse yokonolera m'menemo itayidwe mumtsinje. Wina anati ayi, afune kaye munthu wodziwa mankhwala. Mwini chimanga chimene Dyna anali atangokonola anachikhuthulira pansalu, n'kuima nacho atachitalikitsa ndi thupi lake, osadziwa ngati achisunge kapena achitaye.

Dyna anaona kuti tsopano angathe kusenza mtondo n'kumapita, ndipo palibe angamuletse. Mwina akanamuthandiza ndi kumusenzetsa komwe. Koma anaonanso nsalu zija, ndi mphale imene inali pafupi kupita mumtsinje.

"Dikirani!" anatero. "Ine sindinatanthauze... Ndiye kuti, ndi wa malemu, koma... Eneles, tanena iwe."

"Ndinene chiyani? Inenso mwandisokoneza."

Filomena anakweza dzanja ndipo phokoso linatsika. Anamuyang'ana Dyna n'kumufunsa modekha, ngati akufunsa mwana amene wasochera.

"Tsiku limene amayi anu ankamwalira, mtondo unali kuti?"

"Kuseri kwa nyumba ya kalaliki, ku esiteti. Ine sindinkadziwa."

"Unachoka pakhomo iwo ali moyo?"

"Ali moyo, akuyenda okha."

"Anaupereka kwa ine ndi manja awo," anatero Eneles. "Anandiuzanso kuti ndisausiye pamvula."

"Pomanga chitseko, unali m'kati?"

"Ayi."

"Ndiye maliro sanaupeze pakhomo," anatero Filomena.

Mkangano unayambiranso, koma wofewa. Mayi wina anati chinthu cha munthu ndi chake ndithu, kaya chili kutali. Wina anamuyankha kuti kwawo, mlamu wake atamwalira, khasu lake linali kwa oyandikana nawo, ndipo analimira nyengo yonse osadwala ngakhale chimfine. Wachitatu anafunsa ngati kalalikiyo anatupa. Eneles anati za kalaliki woyamba sakudziwa, koma mkazi wa wachiwiri amuona lero lomwe, miyendo yake ili bwinobwino, yovala nsapato. Ena anaseka. Mwini chimanga chija anachiyandikizanso pachifuwa.

"Tamvani," anatero Filomena. "Mwini wake anautulutsa kuti ukabwerekedwe, ndipo ukadali m'njira yomweyo. Ife tinkayesa tapatsidwa, koma tabwereka. Choipa chingakhale kusabweza." Anatembenukira kwa Dyna. "Ndipo simungaunyamule inu. Wobwereka ndiye amabweza, ndi mutu wake, mpaka pakhomo. Titsirize chimanga ichi lero, mawa ndibweretsa ndekha."

"Atsibweni anga afika m'mawa," anatero Dyna. "Kwathu ndi kutali, maola awiri."

"Ndayenda masiku anayi kuti ndifike pano."

Eneles anamukokera Dyna pambali. "Anthu akuti mawa kapena mkuja kubwera malole kudzawasamutsira kwina," ananong'ona. "Akakwera nawo mtondowo, mudzaupeza kuti? Senzani pompano, tizisinthana m'njira."

Dyna anawerenga nsalu zimene zinali zisanafike pamtondo. Zinali zisanu ndi ziwiri. Anaganiza za nkhope ya Rosie, ndi za a Robson akuvula chipewa n'kuchivalanso. Sanadziwe chimene chinali cholondola. Anangopezeka kuti wagwada pansi, akujambula njira ndi chala pafumbi.

"Mudutse pamsika. Mukapeza mtengo wa mango pamene pali mabeseni ndi matayala a njinga, mukhotere kuphiri. Mukadutsa tchalitchi mufunse kwa malemu a Alefa."

Anafika kunyumba dzuwa lili pafupi kulowa, thumba lopanda kanthu lili m'manja. Rosie anali pakhonde akusankha mtedza. Dyna anakhala pansi n'kulongosola zonse kuyambira poyamba, ndipo pamene ankalongosola, iye mwini ankamva kuti nkhaniyo ikumveka ngati bodza.

"Ndione ngati ndamva," anatero Rosie. "Mtondo wa amayi unachoka kwa Eneles kupita kwa a Enifa. Kuchoka apo unapita kwa munthu amene anasamuka. Kuchoka apo unapezeka ndi munthu wa ku Zomba. Kenaka unakwera njinga ya alamu, alamu osaudziwa. Panopa uli ndi mayi wa ku Mozambiki amene mwamuona lero koyamba. Inu munaugwira ndi manja anu, n'kuusiya."

"Eya."

"Mawa mudzanene chomwecho pamaso pa atsibweni."

Loweruka a Isake anafika ndi basi yoyamba, ambulera ili m'khwapa ngakhale kunalibe mtambo. Anali munthu wofatsa, wokonda kumvetsa chinthu asanayankhe. Atamwa tiyi anapemphera mwachidule pakhomo pa kanyumba kaja, n'kumasula luzi. Katundu anatulutsidwa n'kuyalidwa pamphasa. Mbiya anapatsa Dyna. Zitenje anagawa pakati. Sutikesi yabuluu anati ikhale ya Millie, mdzukulu wa malemu amene anali ku sukulu yogonera. A Robson anakhala patali, pafupi ndi khola la mbuzi, akupala sipoko imene sinkafunika kupala.

"Zatha?" anafunsa a Isake.

"Sizinathe, atsibweni," anatero Rosie. "Afunseni achemwali za mtondo."

Dyna analongosolanso. A Isake ankagwedeza mutu pa dzina lililonse, koma pofika pakati anakweza dzanja.

"Pepa, mwanawe. Kalaliki ameneyu ndi m'bale wathu?"

"Ayi, atsibweni."

"Nanga wa ku Zomba uja anabwereka kwa ndani?"

"Sanabwereke. Anaupeza."

"Ndiye a Robson anagula kwa iyeyo?"

"Sanagule, atsibweni, ananyamula chabe!" anafuula a Robson ali kukhola, kenaka anachita manyazi ndi mawu awo omwe.

"Ndipo ndowa ikubwera pati?"

"Ndowa ndi nkhani ina."

A Isake anakanda m'mutu. Rosie anayamba kuyankhula, ndipo mawu ake sanali aukali ngati dzulo.

"Atsibweni, ine amayi sindinawadwazike. Ndinabwera kawiri kokha. Achemwali ndiwo anawasambitsa, ndiwo anamva mawu awo onse. Ine chimene anandisiyira ndi chimodzi, ndipo anachitchula ndi dzina langa. Zitenje izi atenge onse ngati akufuna. Ine ndikufuna chimene amayi ananena."

A Isake anayang'ana dzuwa.

"Basi yanga ndi ya masana," anatero. "Tidikire. Ikafika nthawi mtondo usanabwere, ndiyenera kuitana ankhoswe a Robson, tikambirane bwino. Sindifuna, koma ndi mmene zimakhalira."

Anadikira. Mthunzi wa mapeyala unafupika mpaka kufika patsinde. Kunjira kunadutsa mayi wosenza nkhuni, ndipo onse anadzutsa mitu n'kuitsitsanso. Kunadutsa munthu wogulitsa usipa panjinga. Kutali, kumsewu waukulu, kunamveka lole ikupita cha ku Muloza, kenaka inanso. Dyna anayang'ana pansi. Rosie anayamba kupinda zitenje zake.

Amene anayamba kuona anali a Robson. Anaimirira, sipoko ili m'manja, n'kuloza kunjira. Pakati pa nthochi panatulukira mtondo wakuda, ukuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa mutu wa mayi wamtali. Kumbuyo kwake kunali mayi wina atabereka mwana wa Filomena.

Anafika m'mphepete mwa bwalo, anatula, anagwada n'kuwomba m'manja. Thukuta linali litanyowetsa bulauzi yonse ya Filomena.

"Tinasochera," anatero. "Mitengo ya mango ya njinga ilipo iwiri. Woyamba unatipititsa kufakitale ya tiyi."

A Isake anawalonjera m'Chilomwe, ndipo anacheza nawo nthawi yaitali, kufunsa za midzi imene iwo anangoimva kwa amayi awo. Ina inalipo, ina inali itatenthedwa. Za malole Filomena anati atenga anthu a kumtunda kwa bwalo, a kumunsi awauza kuti adikire, sakudziwa mpaka liti.

Rosie sanamve zonsezo. Anali atagwada pamtondo, akusisita waya uja ndi chala. Atasuzumira m'kati anapeza tsamba la nthochi, ndipo pansi pake panali mphale yodzaza manja awiri.

"Izi n'chiyani?"

"Kwathu mtondo wobwereka sitibweza wopanda kanthu," anatero Filomena. "Aliyense waponyamo pang'ono. Pepani, n'zochepa."

"Amayi ankateronso," anatero Rosie, osayang'ana munthu.

A Isake anaika dzanja pamtondo. "Uwu ndi wa Rosie, monga ananenera mlongo wanga. A Robson, bwerani mukhale pafupi, mbuzi zakuonani mokwanira."

Filomena anadikira kuti a Robson akhale. Kenaka anawombanso m'manja, moyang'ana kwa Rosie.

"Mayi, popeza mwini wake tsopano ndinu. Dzulo mdima unatipeza mabanja atatu asanakonole. Tingabwereke?"

Dyna anatsegula pakamwa, a Isake anamuyang'ana, iye n'kutseka. Rosie anayang'ana mphale ija, anayang'ana mapazi a Filomena otuwa ndi fumbi.

"Achemwali anga asalowepo," anatero. "Mumve bwino. Mukubwereka kwa ine, Rosie, wa ku Luchenza. Musaupereke kwa kalaliki aliyense. Musaukweze njinga ya munthu aliyense, makamaka ya alamu angawa. Akafuna kukusamutsani, muubweze kaye pakhomo pano. Ndibwera pa Khirisimasi kudzauona."

"Tamva."

"Ndipo musausiye pamvula." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma simuchoka ndi njala. Mtondowu uyambe wagwira ntchito ya mwini wake. Achemwali, mtedza uja ndinasankha dzulo uli kuti?"

Dyna anabweretsa mtedza ndi minsi iwiri, n'kupita kuseri kukathyola chigwada. Ali kumeneko anamva mtondo ukuyamba: du, khe, du, khe, Rosie mbali iyi, Filomena mbali inayo, akusinja nsinjiro za ndiwo zamasana. Anamvanso mawu a a Enifa kunjira, akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

"Dyna! Ndowa ija!"

Dyna analowa m'khitchini, anakhuthulira madzi mumbiya ya amayi ake n'kutenga ndowa imene inali pamenepo. Asanatuluke nayo anaitembenuza kaye, n'kuyang'anitsitsa pansi pake kuti aone ngati inalidi yake.